Momwe mungasankhire mphunzitsi wa part-time amene angamuthandizedi mwana wanu

Mwezi ndi mwezi mukutulutsa ndalama ya part-time. Mwana akupita, makope akudzaza ndi manotsi, koma lipoti likafika kumapeto kwa teremu, masamu ali pomwe paja. Ndakhala ndikuphunzitsa ana masamu ndi Chingerezi m'makomo kuno ku Blantyre kwa zaka zambiri, ku Chilomoni, ku Chitawira, ku Bangwe, ndipo makolo ambiri akamandiitana amakhala atasinthapo kale aphunzitsi awiri kapena atatu. Ndikatsegula makope a mwanayo ndimapeza chinthu chimodzimodzi: palibe amene anafufuza pamene mwanayo anasokonezekera. Aliyense ankangobwereza zimene zinaphunzitsidwa m'mawa kusukulu, iye akulankhula, mwana akukopera. Tsatirani ndondomeko iyi kuti ndalama yanu isamapite motero.

Zoti musonkhanitse musanayambe

- Makope a mwana a teremu ino ndi yapitayi, makamaka a masamu ndi Chingerezi.
- Malipoti awiri kapena atatu omaliza, pamodzi ndi mapepala a mayeso a kusukulu amene anachongedwa kale. Mapepala amenewa ndi ofunika kuposa lipoti, chifukwa amaonetsa funso lenileni limene mwana anagwera.
- Buku la kalasi imene ali, ndiponso la kalasi imene wachokera. Lachiwirili makolo amaliiwala, koma ndi limene mudzaligwiritse ntchito kwambiri. Bwerekani kwa aneba ngati lanu munapatsa ena.
- Mapepala a mayeso akale a MANEB ngati mwana ali Sitandade 8, Fomu 2 kapena Fomu 4.
- Makope awiri atsopano: lina la ntchito, lina lolembamo zolakwa zokhazokha.
- Kakope kakang'ono kolembamo masiku amene mphunzitsi wabwera.
- Tebulo, mipando iwiri ndi nyali ya sola kapena yotchaja, poti magetsi akhoza kuzima nthawi ina iliyonse.
- Wa sekondale akhale ndi seti ya masamu ndi kalikuleta yake, osati ya pafoni, chifukwa m'chipinda cha mayeso foni silowa.
- Mphindi 15 zanu sabata iliyonse. Ngati simungazipeze, pezani wachibale wamkulu woti azikuimirani.

1. Pezani kaye pamene mwana anataira njira

Musathamangire kufuna mphunzitsi musanadziwe chimene mukumufunira. Kungoti "masamu akumuvuta" sikokwanira. Masamu ake ati?

Khalani naye mwanayo madzulo amodzi atadya, popanda ukali, muyese zinthu zitatu izi. Ngakhale kholo limene linasiyira sukulu panjira likhoza kuzichita.

Choyamba, mutsegulireni ndime imodzi ya Chingerezi m'buku lake kuti awerenge mokweza. Akamaliza tsekani bukulo, akuuzeni m'Chichewa zimene wawerengazo. Ana ambiri amawerenga mosadodoma, mawu akutuluka bwinobwino, koma ukawafunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani amangoyang'ana pansi. Vutoli limayambira mu Sitandade 5, pamene maphunziro amachoka m'Chichewa n'kulowa m'Chingerezi. Mwana amene sanawoloke bwino pamenepo amadzalephera Agriculture, Biology ndi Geography chifukwa funso lenilenilo sakulimva. Kumupezera mphunzitsi wa Biology mwana wotero n'kuthira madzi pamsana pa bakha.

Chachiwiri, mufunseni 7 × 8, 6 × 9, 12 × 7. Wa Sitandade 6 kupita m'tsogolo akayamba kujambula timitengo papepala kapena kuwerenga zala, mwapeza dzenje loyamba.

Chachitatu, wa sekondale mulembereni masamu awiri awa: 1/2 + 1/3, ndi −3 − 5. Mayankho ake ndi 5/6 ndi −8.

Chaka china ku Chilomoni mayi wina anandiitanira mwana wake wamkazi wa Fomu 3. "Aphunzitsi, mwanayu akuti mutu wa masamu alibe. Ma equation amenewo tawalipirira miyezi isanu, sizikusintha." Ndinamupatsa 1/2 + 1/3. Analemba 2/5 mosakayika n'komwe: wawonkhetsa zapamwamba, wawonkhetsa zapansi. Patebulopo panali buledi. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, uli ndi theka la buledi uyu, mayi akuwonjezera chidutswa china. Ungakhale ndi buledi wosafika theka?" Anaseka, anati ayi sala. Ndinamuuza kuti ajambule 2/5 pambali pa theka. Anajambula, anayang'anitsitsa, kenako anafufuta yekha yankho lake lija. Masabata atatu otsatira sitinakhudze equation ngakhale imodzi. Tinali m'mabuku a ku pulaimale, pa mafulakishoni, kenako manambala a negative a Fomu 1. Titabwerera ku ntchito ya Fomu 3 anapeza kuti njira yake ankaidziwa kale, chimene chinkamugwetsa chinali mzere wachitatu pamene pamatulukira fulakishoni.

*Chenjezo:* mukapeza dzenjelo musanene kuti "zoterezi zikukukanika, mwana wa Fomu 3 wathunthu?" Akachita manyazi kamodzi, ayamba kubisa zimene sakudziwa, ndipo mphunzitsi amene mumupezeyo adzavutika kuzifukula.

2. Sankhani phunziro limodzi kapena awiri

Makolo amakonda kumva kuti "ndimaphunzitsa maphunziro onse". Kwa mwana wa Sitandade 3 n'zotheka. Ku sekondale munthu mmodzi sangadziwe bwino Chemistry, History ndi Chichewa nthawi imodzi, ndipo maola awiri pasabata akagawidwa pa maphunziro asanu ndi atatu palibe limene limasuntha.

Ngati mwana ali ku sekondale, yang'anani mmene MANEB imawerengera. Pa MSCE magiredi amayambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino. Koma akalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale zina zonse atakhoza, ndipo mayunivesite a boma amafuna ma credit 6, Chingerezi chili momwemo. Choncho ngati ndalama ikukwana phunziro limodzi lokha ndipo Chingerezi chili pa 8 kapena 9, yambani ndi Chingerezi. Chikakhala kuti chili bwino, masamu ndiye otsatira, chifukwa Physics ndi Chemistry zimatsamira pomwepo.

3. Komwe mungamupeze

Mapepala omata pamitengo ndi pamipanda mu Limbe, kapena mauthenga a m'magulu a WhatsApp, amangokuuzani kuti munthuyo alipo. Za kaphunzitsidwe kake sanena kanthu. Funsani makolo anzanu kutchalitchi, kumzikiti kapena kuntchito amene ana awo anasinthadi, ndipo muwafunse kuti anasintha motani.

Anthu amene amachita part-time mu Blantyre ali m'magulu angapo. Pali aphunzitsi opuma pantchito, amene amapezeka m'dera lililonse, ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Machinjiri. Amenewa ana amawadziwa, ndi odekha, ndipo nthawi ali nayo. Muwafunse ngati ali ndi silabasi ya masiku ano, chifukwa ena akadali ndi manotsi a Physical Science pamene phunzirolo linagawidwa kale kukhala Physics ndi Chemistry. Pali ophunzira a m'mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS. Masamu ndi sayansi zikadali zatsopano m'mutu mwawo, ndipo mwana wa Fomu 4 amalimbikitsidwa poona munthu amene wadutsa njira yomweyo posachedwa. Vuto lawo n'loti mayeso awo akayandikira amasowa, ndipo tchuthi chikafika ena amapita kwawo ku Mzimba kapena ku Dedza nthawi imene mukuwafuna kwambiri. Afunseni kalendala yawo tsiku loyamba. Palinso aphunzitsi amene ali pantchito m'sukulu za boma ndi zapulaiveti, amene amabwera akaweruka.

Mwana wa Sitandade 1 mpaka 4 amene sakutha kuwerenga mupezereni munthu amene anapita ku TTC, koleji yophunzitsa aphunzitsi a ku pulaimale. Kuphunzitsa mwana maliwu a malembo ndi maphatikizo ndi luso lapadera, ndipo munthu wa digiri ya uinjiniya akhoza kulephereratu.

*Chenjezo:* pewani kulipira mphunzitsi yemweyo amene amaphunzitsa mwana wanu m'kalasi. Ngati kafotokozedwe kake sikanamveke m'mawa, madzulo kadzakhala komweko. Komanso ndi iye amene amalemba ndi kuchonga mayeso a kumapeto kwa teremu, ndiye malikisi akakwera simungadziwe ngati wakwera ndi mwana kapena mafunso anaonedweratu ku part-time. Aphunzitsi ambiri ndi okhulupirika, sindikuwanyoza, koma ku MANEB sadzakhalako, ndipo inu mufunika sikelo yosakondera.

4. Chezani naye musanagwirizane kanthu

Muitanireni kunyumba, mwana asakhalepo. Pemphani kuona satifiketi yake, ndipo musachite nazo manyazi, munthu woona mtima sakwiya nazo. Pemphaninso manambala a makolo awiri amene anawaphunzitsirapo ana, ndipo muwaimbiredi.

Kenako mupatseni makope ndi mapepala aja osanena kanthu. Onani chimene achite. Wina amangowayang'ana pamwamba n'kuyamba kunena za mtengo. Wina amatsegula, amawerenga, n'kukufunsani: "Mayi, mwanayu anasinthapo sukulu? Anadwalapo nthawi yaitali? Ndikuona kuti kuyambira apa zinthu zinayamba kusokonekera." Wachiwiriyu ndi amene mukumufuna.

Mufunseni funso ili: "Aphunzitsi, mwana akapanda kumva mutafotokoza kawiri, mumatani?" Akayankha kuti amabwerezanso mpaka amve, kapena kuti ana a masiku ano amafuna chikwapu, ameneyo musiyeni. Yankho labwino limakhala loti amasintha njira: amajambula, amatenga zitsekerero za mabotolo, amabwerera kalasi imodzi m'mbuyo kuti aone chimene chikusowa.

Musatengeke ndi suti kapena Chingerezi chothamanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

*Chenjezo:* aliyense wolonjeza kuti "mwana wanu apeza mapointi 12" asanamuone n'komwe akukunamizani. Wonong'oneza kuti mayeso akayandikira amapeza likasa ndi woopsa koposa. Mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Mwana wogwidwa akubera zotsatira zake zimafafanizidwa, zaka zinayi n'kupita pachabe.

5. Phunziro loyesera: khalani pomwepo muonerere

Ili ndi gawo limene makolo ambiri amalidumpha, koma ndi limene limaulula zonse. Lipirani phunziro limodzi lokha. Khalani chapatali pang'ono, muzisankha nyemba kapena kusita, makutu ali kumeneko. Simufunika kudziwa masamu kuti muone zinthu izi.

Yang'anani cholembera. Chili m'manja mwa ndani? Ngati ola lonse mphunzitsi ndi amene akulemba ndi kulankhula, mwana akungogwedeza mutu, ndiye kuti amene akuphunzira masamu pamenepo ndi mphunzitsiyo. Mwana ayenera kugwira cholembera nthawi yochuluka kuposa mphunzitsi.

Mvetserani funso lakuti "Wamva?" Ana athu tinawalera kuti wamkulu akafunsa aziyankha "eya". Mwana adzati "eya sala" ngakhale sanamve kalikonse, chifukwa kunena kuti ayi kumaoneka ngati mwano. Mphunzitsi wodziwa ntchito sadalira funso limenelo. Amati, "Tsopano ndine mwana wa sukulu, iwe ndiwe mphunzitsi. Undifotokozere." Kapena amapereka samu ina yofanana nayo, n'kupinda manja.

Mvetseraninso bata. Mwana akakakamira pa funso, mphunzitsi wosadekha amalanda cholembera n'kumalizitsa yekha, poopa kuti kholo liona ngati palibe chikuchitika. Wabwino amadikira, mwina theka la mphindi, kenako amangoponya kafunso kakang'ono: "Funsoli likufuna chiyani? Takupatsa chiyani?" Nthawi imene mwana wakhala chete akulimbana ndi funso ija, m'mutu mwake ndi mmene mukugwirika ntchito. Ine ndimauza makolo tsiku loyamba kuti akamva kuti zii pakhonde asaganize kuti tagona.

Mwana akalakwa, mphunzitsi akutani? Kungodula ndi cholembera chofiira n'kulemba yankho loona sikuthandiza. Afunse kuti "unaganiza bwanji kuti upeze 2/5?" chifukwa cholakwa chilichonse chili ndi njira yake imene mwanayo anatsata, ndipo njira imeneyo ndi imene iyenera kukonzedwa.

Za chilankhulo: musadandaule mukamva akufotokoza m'Chichewa. Chinthu chovuta chimalowa msanga m'chilankhulo cha kunyumba. Chofunika n'choti akamaliza, mwana anene ndi kulemba yankho m'Chingerezi, poti mayeso adzabwera m'Chingerezi.

Mphunzitsi akapita, mufunseni mwana kuti, "Ukanapanda kumva, ukanatha kuwauza?" Akati ankaopa, ganizani kawiri.

6. Gwirizanani za malo, nthawi ndi ndalama

*Malo.* Phunziro lichitikire poonekera: pabalaza kapena pakhonde, chitseko chili chotsegula, munthu wamkulu ali pakhomo. Kuchipinda ayi. Mwana, wamkazi kapena wamwamuna, asamapite yekha kunyumba kwa mphunzitsi kumene kulibe ana ena kapena munthu wina wamkulu. Mauthenga onse azidzera pafoni yanu, osati ya mwana. Mphunzitsi asamapatse mwana ndalama, mayunitsi kapena mphatso inu osadziwa. Izi muzinene tsiku loyamba, mwana akumva, ngakhale mphunzitsiyo ndi wa mpingo wanu kapena wachibale. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mwana akayamba kukana part-time mwadzidzidzi, kapena kudwala mutu tsiku la phunziro lokhalokha, musamukalipire, khalani naye pansi mumufunse modekha. Pakakhala nkhanza, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi yapafupi.

*Nthawi.* Kawiri kapena katatu pasabata n'kokwanira. Wa pulaimale mphindi 45 mpaka ola limodzi, wa sekondale ola limodzi ndi theka basi. Mwana adye kaye ndi kupuma akachoka kusukulu. Kumbukiraninso kuti mu Juni ndi Julayi kumada msanga ndipo chiperoni chikabwera pakhonde sipakhalika, pamene nthawi ya mvula munthu wodalira kabaza amachedwa. Ngati mphunzitsi akuchokera ku Limbe kubwera ku Chirimba 5 koloko madzulo, mnzere wa magalimoto pamsewu wa Masauko Chipembere udzadya theka la phunziro lanu. Wa m'dera lanu lomwelo, woyenda wapansi, ndi amene amakhalitsa.

*Gulu.* Ndalama ikachepa, gwirizanani ndi makolo anzanu kuti ana atatu kapena anayi a kalasi imodzi aziphunzira pamodzi. Zimayenda bwino, ana amalimbikitsana. Koma part-time ya ana 30 m'chipinda chimodzi ndi kalasi ina chabe, yofanana ndi imene mwana wanu anasochereramo m'mawa.

*Ndalama.* Mitengo imasiyana kwambiri, ya ku Namiwawa si ya ku Mbayani, choncho funsani makolo a m'dera lanu. Gwirizanani ngati mukulipira paphunziro kapena pamwezi, ngati thiransipoti ili momwemo, ndiponso chimene chichitike mphunzitsi akajomba kapena inu mukapita kumaliro. Zilembeni m'kakope kaja, ndipo tsiku lililonse akabwera asayine. Kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba kumasiya umboni. Musalipiriretu teremu yonse kwa munthu amene mwangomudziwa kumene. Koma nanunso lipirani pa tsiku limene munagwirizana. Munthu amene akuganiza za lendi yake sangaike mtima pa mafulakishoni a mwana wanu, ndipo aphunzitsi abwino ambiri amachoka pakhomo chifukwa chotopa ndi "mubwere mawa".

7. Momwe phunziro lililonse liyenera kuyendera

Simukuphunzitsa ndinu, komabe dziwani dongosolo lake kuti muzitha kuona zikapotoka.

Mphindi 10 zoyamba, makope ali otseka, mwana ayankhe mafunso atatu kapena anayi a zimene anaphunzira sabata yatha ndi mwezi watha. Kuyesetsa kukumbukira chinthu popanda kuonera ndi kumene kumachikhazika m'mutu. Kuwerenga manotsi kambirimbiri kumangomupusitsa mwana kuti akudziwa, chifukwa mawuwo akuoneka ozolowereka, koma pepala la mayeso likabwera m'mutu muli mbee.

Kenako chinthu chimodzi chatsopano, chimodzi chokha, ndi zitsanzo ziwiri. Nthawi yotsalayo, imene iyenera kukhala yochuluka, mwana azigwira yekha ntchito mphunzitsi akuyang'ana.

Mphindi 5 zomaliza ndi za kope la zolakwa. Mwana alembe ndi dzanja lake funso limene analakwa, chimene chinamulakwitsa, ndi njira yoona. Mwachitsanzo: "Ndinaiwala kusintha chizindikiro posamutsa 5 kupita mbali inayo." Pakatha miyezi itatu kope limeneli limaposa buku lililonse logula, chifukwa muli maenje a mwana wanuyo, osati a wina. Mayeso akayandikira ndi limene amawerenga.

Ngati ndi Chingerezi, sabata isathe mwana asanalembe ndime yakeyake, ngakhale ya mizere isanu ndi itatu, yofotokoza msika wa ku Ndirande kapena ulendo wa pa minibasi, ndipo mphunzitsi aichonge ali naye limodzi. Malamulo a galamala oloweza pamtima sathandiza mwana amene sanalembepo chiganizo chake.

Mphindi zanu 15 zija zigwiritseni ntchito Loweruka kapena Lamulungu. Tsegulani kope la zolakwa, lozani funso limodzi, munene kuti "tandiphunzitsa ili". Ngakhale inu simukulidziwa, mudzamva ngati akufotokoza momasuka kapena akungolakatula.

8. Pakatha masabata 6, yesani

Tengani pepala la mayeso lija limene mwana analephera poyamba. Mupatseni mafunso omwewo, kapena ofanana nawo, alembe yekha, mphunzitsi palibe. Yerekezani ndi poyamba.

Musadabwe ngati malikisi a kusukulu sanakwere pa nthawiyi. Ngati mphunzitsi anabwerera m'mbuyo kukakwirira dzenje, lipoti limachedwa kusintha. Zizindikiro zoyamba zimakhala zina: mwana akuyamba homuweki osakakamizidwa, akuyesa funso m'malo molisiya lopanda kanthu, akufunsa mafunso. Ngati n'kotheka pitani kusukulu mukafunse aphunzitsi a kalasi yake ngati aonapo kusintha.

Mufunseni mphunzitsi wa part-time kuti, "Aphunzitsi, mwanayu akutha chiyani lero chimene sankatha muja munkayamba?" Wogwira ntchito amayankha molunjika: kugawa kwautali akukutha, ma negative akadali kumuvuta pochulukitsa. Amene amangoti "akuyesetsa, ali bwino" sakumutsatira mwanayo.

Teremu yathunthu ikatha popanda chilichonse mwa zimenezi, siyanani mwaulemu. Mulipireni zonse, muthokozeni, mumuuze kuti mwezi ukatha muima kaye. Ngati aphunzitsi awiri abwino alephera, mupititseni mwana kuchipatala akamuone maso ndi makutu. Ndinaphunzitsapo mnyamata wa Sitandade 7 amene onse ankamutcha waulesi, koma vuto linali loti zolembedwa pabolodi sankaziona, ndipo ankakhala kumbuyo kwa kalasi.

Zolakwa zimene ndimaziona kawirikawiri

*Kuyamba mochedwa.* Mayeso a MANEB amalembedwa pakati pa Meyi ndi Julayi, ndipo foni yanga imalira kwambiri mu Epulo. Pa masabata 6 munthu angathe kumuzoloweza mwana mapepala akale ndi kasungidwe ka nthawi, koma dzenje la zaka zitatu silikwiririka. M'mera m'poyamba: yambani mu Sepitembala sukulu zikamatsegulidwa, ndipo ngati n'kotheka mu Sitandade 7 kapena Fomu 3, chaka cha mayeso chisanafike.

*Kusandutsa mphunzitsi wolemba homuweki.* Kope limabwerako lili ndi machongi okhaokha, kholo likusangalala, aphunzitsi a kusukulu akuganiza kuti mwana wamva. Homuweki mwana ayambe walemba yekha, mphunzitsi aone pamene pamukanika.

*Kuyeza ntchito ndi kuchuluka kwa manotsi.* Masamba 10 okopera ndi dzanja lotopa chabe. Funsani kuti mwana wayankha mafunso angati payekha.

*Kuloweza mayankho a mapepala akale.* Mapepalawo ndi othandiza mwana akalemba ngati ali m'mayeso, wotchi ili patebulo, buku lili kutali, kenako n'kuchonga ndi kulemba zolakwa m'kope lija. Kuloweza kuti funso 4 yankho lake ndi B sikupindula, chaka chino manambala adzasintha.

*Kumudzaza mwana.* Sukulu m'mawa, part-time ina masana, ina madzulo, Loweruka lonse, tchuthi chonse. Mwana wotere amangokhala patebulo thupi lokha. Musiyireni nthawi yosewera mpira, yogona mokwanira, ndiponso yowerenga payekha, poti m'chipinda cha mayeso adzakhala yekha.

*Kumuchotsa mtsikana patebulo.* Izi zimandipweteka kwambiri. Phunziro lili m'kati, kukhitchini kukumveka, "Tabwera udzaone ndiwozi," kapena atumidwa kukagula makala, pamene mlongo wake wamwamuna palibe akumusokoneza. Ola limenelo mwalilipira. Uzani onse a m'nyumba, ndi alendo omwe, kuti likakwana mwanayo kulibe, wailesi ichepetsedwe, ndipo ntchito zake wina amugwirire.

*Kukambirana zolephera za mwana iye ali pomwepo.* "Aphunzitsi, ameneyu ndi mbuli, mng'ono wake amamuposa." Mwana amasunga mawu amenewo, ndipo ndimatha masabata awiri ndikungoyesa kumutsimikizira kuti akhoza kugwira cholembera osanjenjemera. Ngati muli ndi dandaulo, muperekezeni mphunzitsi mpaka pageti, mukalankhule naye kumeneko.